Nickel: chitsulo chobisala mu mjigo, mu pulagi ya kabaza ndi mu injini ya ndege

Kodi mudaonapo mjigo umene madzi ake oyamba m'mawa amatuluka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka? Amayi amapopa ndowa imodzi, ziwiri, n'kutaya, kenako madzi ayamba kuyera. Pakapita miyezi mumva kuti rodi yaduka pansi, komiti ikusonkhetsa ndalama, ndipo atsikana ayambanso kulawirira kudambo asanapite kusukulu. Chonsecho mudzi woyandikana nawo, mjigo wa mtundu womwewo ukugwira ntchito chaka ndi chaka popanda vuto lotere. Zifukwa zimakhala zambiri, koma chimodzi mwa izo ndi mtundu wa chitsulo chimene chidalowetsedwa pansipo. Ndipo pakati pa nkhani ya chitsuloyo pali dzina limene ambiri timangoliona pa periodic table n'kudutsa: nickel.

Lero ndikufuna tikambirane za nickel monga amamuonera mainjiniya. Kodi ndi wolemera bwanji? Amasungunuka pa kutentha kotani? Ukamukoka amaduka msanga kapena amayamba watamuka? Mafunso amenewa ndi omwe timakumana nawo mu Physics ndi Chemistry pa mutu wa zitsulo, ndipo mayankho ake ali pafupi nafe, ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma komwe.

Tisanapite patali, tigwirizane kaye pa mawu. M'Chichewa timati "chitsulo" ponena za zitsulo zonse. M'phunziro lino ndikati ayironi ndikunena element ija ya chizindikiro cha Fe. Ndikati steel ndikunena ayironi wosakaniza ndi kaboni pang'ono, amene amapangira makasu, misomali ndi mafelemu a njinga. Ndikati aloyi ndikunena msakanizo wa zitsulo ziwiri kapena kuposa apo.

Nickel ndi ndani?

Nickel ndi element ya nambala 28, chizindikiro chake ndi Ni. Pa periodic table wakhala mzere umodzi ndi ayironi, amene ndi 26, ndi cobalt, amene ndi 27, ndipo kudzanja lake lamanja kuli mkuwa, nambala 29. Maonekedwe ake ndi oyera ngati siliva, koma mukamuyang'anitsitsa ali ndi kachikasu pang'ono.

Amene adayamba kumupatula payekha ndi katswiri wa ku Sweden, Axel Fredrik Cronstedt, m'chaka cha 1751. Dzina lake lili ndi kankhani. Anthu a m'migodi ya ku Germany ankakumba mwala wofiirira wooneka ngati uli ndi mkuwa, koma akausungunula mkuwa osatuluka. Iwo adaganiza kuti pali kamzimu kachipongwe kamene kakuwabisira mkuwawo, ndiye adautcha mwalawo Kupfernickel, kutanthauza mkuwa wa kamzimu kameneko. Cronstedt atapeza kuti mumwalamo muli chitsulo china chachilendo, dzina la kamzimu lija lidamukanirira mpaka lero.

Nickel wambiri wa dziko lapansi ali kumene sitingafike, pakatikati penipeni pa dziko, posakanikirana ndi ayironi. Miyala ina yogwa kuchokera kumlengalenga imakhalanso ya msakanizo womwewu. Mwala wa Hoba ku Namibia, wolemera matani pafupifupi 60, uli ndi ayironi pafupifupi 84 peresenti ndi nickel pafupifupi 16 peresenti.

Makhalidwe amene tingayeze osamuthyola

Aphunzitsi akati physical properties amanena makhalidwe amene tingayeze popanda kusintha chinthucho kukhala china. Tiyeni tiwaone amodziamodzi.

Choyamba ndi density, kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi malo amene chatenga. Ya nickel ndi magalamu 8.9 pa cubic centimetre iliyonse. Kuti nambalayi imveke, ganizirani kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, kamene mumalowa lita imodzi. Mukadzazamo madzi kalemera kilogalamu imodzi. Kakakhala ka aluminiyamu, chitsulo cha mapoto aja, kalemera makilogalamu 2.7. Ka ayironi 7.9. Ka nickel 8.9, pafupifupi chimodzimodzi ndi mkuwa. Ndiye nickel si chitsulo chopepuka ayi. N'chifukwa chake sapangira thupi la ndege, ngakhale mu injini yake muli nickel wambiri, monga tionere kutsogoloku.

Chachiwiri ndi kusungunuka. Nickel amasungunuka pa madigiri 1,455. Aluminiyamu amasungunuka pa 660 basi, n'chifukwa chake amisiri a m'misika amatha kusungunula zidutswa zake pa moto wa makala wopemerera n'kuumba miphika. Mkuwa umasungunuka pa 1,085, ayironi pa 1,538.

Chachitatu ndi kudutsitsa magetsi ndi kutentha. Nickel amadutsitsa magetsi, koma mphamvu yake pa ntchitoyi ndi pafupifupi kota ya mkuwa. Pa kutentha nkhani ndi yomweyo: mkuwa uli pafupi ndi 400 W/mK, aluminiyamu pafupi ndi 237, nickel pafupi ndi 91. Choncho simudzaona waya wa nickel pa mapolo a magetsi. Kumeneko ndi kwa aluminiyamu ndi mkuwa.

Chachinayi ndi maginito. Pa zitsulo zonse zodziwika, zitatu zokha ndi zimene zimakokedwa mwamphamvu ndi maginito pa kutentha kwa masiku onse: ayironi, cobalt ndi nickel. Koma khalidweli lili ndi malire. Mukamutenthetsa nickel kufika madigiri pafupifupi 355, maginito amamutaya. Akazizira amagwidwanso. Malire amenewa amatchedwa Curie temperature, potengera dzina la Pierre Curie wa ku France. Kwa ayironi malirewa ali pa 770. Chimachitika n'chiyani? Mkati mwa chitsulo ma atomu amakhala ngati timaginito ting'onoting'ono toloza mbali imodzi m'magulumagulu. Kutentha kukakwera, ma atomu amanjenjemera kwambiri mpaka dongosolo lija limasokonekera, aliyense n'kumaloza kwake.

Chachisanu ndi kufutukuka ndi kutentha. Paja masana a mwezi wa Okutobala denga la malata limalira "the! the!" Kumeneko ndi kufutukuka. Mita imodzi ya steel imatalika pafupifupi mamilimita 0.012 pa digiri iliyonse, ya nickel pafupifupi 0.013. Palibe chodabwitsa apa. Chodabwitsa chimabwera mukasakaniza awiriwa. M'chaka cha 1896, Charles Édouard Guillaume wa ku Switzerland adapeza kuti aloyi ya ayironi yokhala ndi nickel 36 peresenti imafutukuka pang'ono kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mmene steel amachitira. Aloyiyi imatchedwa Invar, ndipo idathandiza popanga mawotchi olondola ndi zingwe zoyezera malo. Guillaume adalandira mphotho ya Nobel mu 1920 chifukwa cha ntchito imeneyi. Tiwerengere limodzi: mtanda wa steel wa mamita 10 ukatentha ndi madigiri 30 utalika 10 × 0.012 × 30, amene ndi mamilimita 3.6. Wa Invar sufika ngakhale theka la milimita.

Chinsinsi chili pa kakhalidwe ka ma atomu

Kuti timvetse mphamvu za nickel, tiyenera kuona mmene ma atomu ake adayalidwira. Pitani pa msika wa Nsaru tsiku la msika, muone mmene amayi amaunjikira tomato kapena malalanje. Mzere wapansi amauyala mothithikana, ndipo chipatso chilichonse cha pamwamba chimakhala pa kadzenje ka pakati pa zipatso zapansi. Ma atomu a nickel adaunjikana mothithikana chomwecho. Dzina lake la m'buku ndi face-centred cubic, mwachidule FCC: jambulani bokosi, ikani atomu pa ngodya zonse zisanu ndi zitatu, ndi ina pakati pa nkhope iliyonse mwa nkhope zisanu ndi imodzi.

Ayironi pa kutentha kwa masiku onse sali choncho. Iye ali ndi ma atomu pa ngodya zisanu ndi zitatu ndi imodzi pakatikati pa bokosi. Imeneyi ndi body-centred cubic, kapena BCC. Amasanduka FCC pokhapokha atatenthedwa kupitirira madigiri 912.

Kusiyanaku kuli ndi ntchito yanji? Chitsulo chikamapindika, mizere ya ma atomu imatsetsereka umodzi pamwamba pa unzake. Mu FCC mizereyi ndi yothithikana ndi yosalala, ndipo imatsetsereka mosavuta kaya kukutentha kaya kukuzizira. Mu BCC kutsetserekaku kumadalira kwambiri kutentha. Kukazizira kwambiri mizere imakana kusuntha, ndipo m'malo mopindika chitsulo chimangosweka ngati mbale yadothi. Sungani mfundo imeneyi, pakuti zonse zotsatirazi zatsamira pa iyo.

Makhalidwe a pa ntchito: kukoka, kupinda ndi kumenya

Mechanical properties ndi mmene chitsulo chimachitira mukachipatsa katundu. Ophunzira ambiri amangoti "ndi cholimba", koma mawu amodziwa akubisa zinthu zosiyana zingapo. Pa mayeso muyenera kuzisiyanitsa.

Stiffness ndi kukana kutamuka. Timayeza ndi Young's modulus. Ya nickel ndi pafupifupi 200 GPa, yofanana ndi ya steel. Ya mkuwa ili pafupi ndi 120, ya aluminiyamu pafupi ndi 70. Kutanthauza kuti mukapachika katundu wofanana pa mawaya ofanana kukula, wa aluminiyamu utamuka pafupifupi katatu kuposa wa nickel.

Tensile strength ndi mphamvu yokoka imene chitsulo chingapirire chisanaduke. Ya nickel wosasakaniza, wofewetsedwa ndi moto, ili pafupi ndi 450 MPa. Musaope chizindikirocho. MPa imodzi ndi newton imodzi pa square millimetre imodzi. Ndiye kawaya ka nickel kamene nkhope yake yodula ndi 1 mm² kangapirire ma newton pafupifupi 450. Gawani ndi 10, mupeza makilogalamu 45. Kawaya kakang'ono kameneka katsala pang'ono kunyamula thumba lathunthu la chimanga la makilogalamu 50.

Ductility ndi kutha kukokedwa kukhala waya, ndipo malleability ndi kutha kusulidwa kukhala chipepala osang'aluka. Nickel wofewetsedwa amatha kutalika ndi 40 peresenti kapena kuposa asanaduke. Kwa injiniya khalidweli ndi la mtengo wapatali chifukwa chitsulo chotere chimachenjeza. Chimayamba chapindika, anthu n'kuona kuti pali vuto, chisanaduke.

Hardness ndi kukana kukandika. Pa muyeso wa Mohs nickel ali pa 4, pamene galasi lili pafupi ndi 5.5 ndipo dayamondi ali pa 10. Ndiye payekha si wouma kwambiri. Komabe mukamamusula kapena kumupinda wosatenthetsa amanka naumirauma. Zimenezi zimatchedwa work hardening. Mungaziyese ndi kawaya ka mkuwa: pamene mwapinda kangapo pamauma, ndipo kupindanso pomwepo kumavuta.

Toughness ndi kutha kulandira nkhonya osasweka. Apa ndi pamene nickel amaposa anzake. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziko la America lidapanga mofulumira sitima zambiri zonyamula katundu zotchedwa Liberty. Zina mwa izo zidang'aluka m'madzi ozizira a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, zingapo mpaka kuduka pakati. Katswiri wa zitsulo wa ku Cambridge, mayi Constance Tipper, adaonetsa kuti steel wa sitimazo ankasanduka wosweka msanga kukazizira. Ndi vuto la BCC lija. Kuthira nickel mu steel kumatsitsa kwambiri kuzizira kumene vutoli limayambira. Masiku ano matanki osungira gasi wachilengedwe wosandutsidwa madzi, amene amakhala pa madigiri 162 kunsi kwa ziro, ambiri amapangidwa ndi steel wokhala ndi nickel 9 peresenti.

Pomaliza pali creep. Chitsulo chikanyamula katundu nthawi yaitali pamalo otentha kwambiri, chimatamuka pang'onopang'ono ngati pulasitiki yosiyidwa padzuwa, ngakhale sichinafike posungunuka. Ma aloyi a nickel amakana creep kuposa zitsulo zambiri.

Tibwerere ku mjigo uja

Mijigo yambiri m'midzi mwathu ndi ya mtundu wa Afridev. Mwina simudziwa kuti pampu imeneyi idayambira konkuno. Ntchito yoipanga idayamba ku Malawi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pamene inkatchedwa Maldev, kenako idakapitirizidwa ku Kenya n'kukhala Afridev. Cholinga chinali choti anthu a pamudzi azitha kuikonza okha. Mapaipi ake okweza madzi ndi a pulasitiki, koma marodi amene amalumikiza chogwirira ndi pulanja pansi kawirikawiri ndi achitsulo. Marodi achitsulowa alipo a mitundu iwiri: a steel wokutidwa ndi zinc, monga amakutira malata, ndi a stainless steel.

Kodi rodi imaduka chifukwa madzi alemera? Tiwerengere. Tiyerekeze kuti rodi ndi yonenepa mamilimita 10 ndipo pampu ili mamita 30 pansi. Nkhope yodula ya rodi ndi πr², ndiye 3.14 × 5 × 5, amene ndi 78.5 mm². Ngati chitsulocho chimaduka pa 500 MPa, pafunika ma newton 39,250, pafupifupi matani anayi. Tsopano katundu weniweni ndi wotani? Silinda ya Afridev ndi ya mamilimita 50. Madzi opanikiza pulanja pa mamita 30 ndi pafupifupi makilogalamu 59. Marodi eni ake alemera pafupifupi makilogalamu 19. Zonse pamodzi sizikufika makilogalamu 100. Mwaona? Rodi yabwino ili ndi mphamvu yopitirira katundu wake kakumi kangapo. Ndiye kulemera kokha sikungaidule.

Chimene chimaidula ndi dzimbiri pamodzi ndi kutopa kwa chitsulo. Madzi ena apansi amakhala ndi asidi pang'ono, ndipo akatswiri a za madzi amalangiza kuti pH ikakhala yochepera 6.5 musalowetse zitsulo zokutidwa ndi zinc. Madzi otere amadya zinc uja, kenako amayamba steel. Rodi ikadyeka kuchoka pa mamilimita 10 kufika pa 5, mphamvu yake sitsika ndi theka ayi, imatsala kota, chifukwa nkhope yodula imatsata r². Kuonjezera apo dzimbiri silidya mofanana. Limakumba timaenje, ndipo pakamwa pa kadzenje kalikonse mphamvu yokoka imaunjikana. Mjigo umapopedwa kambirimbiri pa tsiku, kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya. Kamng'alu kamayambira pa kadzenje kaja n'kumakula pang'onopang'ono mpaka tsiku lina rodi yaduka. Kumeneku ndiye kutopa kwa chitsulo, fatigue.

Apa ndi pamene stainless steel amalowera. Mtundu wodziwika kwambiri umatchedwa 304, ndipo uli ndi chromium pafupifupi 18 peresenti ndi nickel pafupifupi 8 peresenti. Pa masipuni ena mudzaona padalembedwa 18/8 kapena 18/10. Manambala amenewo akunena zomwezi.

Tsono tcherani khutu, chifukwa apa ambiri amasokoneza. Amene amaletsa dzimbiri kwenikweni ndi chromium. Iye amagwirizana ndi oxygen n'kupanga kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, kamene kakakandika kamadzikonza kokha. Nanga nickel ntchito yake n'chiyani? Nickel amakakamiza ayironi kukhala FCC ngakhale pa kutentha kwa masiku onse. Zotsatira zake, stainless steel wa nickel amapindika osang'aluka, amaumbika kukhala sinki kapena thanki, amawotchereka bwino, sasweka kukazizira, ndipo amapirira asidi kuposa wopanda nickel. Chromium ndi chishango, nickel ndi amene amapatsa thupi kufewa ndi kupirira. Pa nickel yense amene amakumbidwa padziko lapansi, pafupifupi magawo awiri mwa atatu amathera mu stainless steel.

Dziwaninso kuti si madzi ofiira onse amene amachokera ku dzimbiri la pampu. M'malo ena ayironi amakhala kale m'madzi apansi mwachilengedwe. Chizindikiro chimodzi ndi ichi: ngati madzi afiira m'mawa mokha n'kuyera mukapopa kwa nthawi, mwayi waukulu ndi woti gwero lake ndi zitsulo za mjigo zimene zagona m'madzi usiku wonse.

Mwambi wa maginito

Nali funso limene ndimakonda kufunsa a Fomu 3. Ayironi amakokedwa ndi maginito. Nickel nayenso amakokedwa. Nanga bwanji stainless steel wa 304, amene ali ndi onse awiri, sakokedwa? Yankho ndi kayalidwe ka ma atomu kaja. Ayironi akakhala mu FCC timaginito take tating'ono sitilozanso mbali imodzi. Phunziro lake ndi lakuti khalidwe la aloyi silipezeka pongophatikiza makhalidwe a zitsulo zimene zalowamo.

Tengani maginito a mu sipika yakufa, muyese masipuni, mipeni ndi mbale za kunyumba. Zina zigwira, zina ayi. Mpeni wabwino kawirikawiri umagwira, chifukwa umapangidwa ndi stainless steel wa kaboni wambiri, wopanda nickel kapena wa nickel wochepa, kuti uume n'kusunga kuthwa. Kuchipatala, monga ku St Gabriel ku Namitete kapena kwa Kabudula, nkhani ndi yomweyo: masizasi amafuna chitsulo chouma, pamene mabeseni ndi mathireyi amafuna chitsulo choumbika.

Kodi komiti ya mjigo ingagwiritse ntchito maginito pogula marodi? Ingathe, koma mosamala. Rodi ikagwira maginito mwamphamvu ngati msomali, imeneyo si 304. Ikagwira mofooka, makamaka popindika kapena pamazinga, musadabwe, chifukwa kusula 304 wosatenthetsa kumasintha kachigawo kena ka ma atomu. Koma ikapanda kugwira, umenewo si umboni wokwanira. Pali stainless steel wotchipa wa gulu la 200, mmene adachepetsa nickel n'kuikamo manganese. Ameneyu nayenso sagwira maginito, koma sapirira dzimbiri ngati 304. Ndiye maginito angakuuzeni kuti "ichi si chimenecho", koma sangakuuzeni kuti "ichi ndi chomwecho". Njira yabwino ndi kugula kwa ogulitsa zipangizo za mijigo odziwika, mothandizidwa ndi makaniki wa mijigo wa m'dera lanu, ndi kufunsa nambala ya mtundu wa chitsulocho. Rodi yotchipa imene iduke chaka chamawa ndi yodula kuposa yokwera mtengo imene ikhale zaka.

Kwina kumene mumakumana naye

Mukakwera kabaza wa njinga yamoto kuchoka pa Mpingu kupita kumudzi, nickel akugwira ntchito pansi panu. Nsonga za pulagi wamba, pamene pamathetheka moto, zimapangidwa ndi aloyi ya nickel, chifukwa pamenepo pamatentha ndipo mpweya wake umadya zitsulo.

Waya wofiira wa mu mbaula ya magetsi, mu ketulo ndi mu simbi ya magetsi kawirikawiri ndi nichrome, nickel 80 peresenti ndi chromium 20 peresenti. Albert Marsh wa ku America adalembetsa aloyi imeneyi mu 1906. Imakaniza magetsi kwambiri kuposa mkuwa, ndiye imatentha, komanso simapserera ikafiira pa mpweya. Onani mmene kufooka pa ntchito ina kwasandukira mphamvu pa ntchito ina.

Mahandulo owala a njinga yakapalasa amakutidwa ndi chromium, koma kunsi kwa chromium wopyapyalayo kumakhala khungu la nickel, limene limatchinga steel ku chinyezi ndi kupatsa kusalala kuja.

Funsaninso achimwene owotcherera pa sitolo zapafupi za mmene amalumikizira chitsulo cha cast iron chikang'aluka, monga thupi la injini ya chigayo. Cast iron ali ndi kaboni wambiri, ndipo ukamuwotcherera ndi ndodo wamba, polumikizapo pamauma n'kung'alukanso pozizira. Ndodo za nickel zimathetsa vutoli chifukwa msoko wake umakhala wofewa, umatamuka pamene chitsulo chikuzizira. Ndi zodula, koma zimapulumutsa injini yonse.

Ndipo mukaona ndege ikunyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumbukirani creep uja. Mapeni ozungulira a mbali yotentha ya injini ya jeti amapangidwa ndi ma aloyi a nickel otchedwa superalloy. Amazungulira maulendo zikwi zambiri pa mphindi imodzi, mu mpweya wotentha kupitirira madigiri 1,000, osatamuka.

Kodi kwathu kuno alipo?

Dziko limene limakumba nickel wambiri masiku ano ndi Indonesia. Pafupi nafe, ku Zambia kuli mgodi wa Munali kufupi ndi Mazabuka ndi wa Enterprise ku Kalumbila. Ku Zimbabwe kuli mgodi wa Trojan ku Bindura, ndipo ku Madagascar kuli wa Ambatovy. Kuno ku Malawi akatswiri a miyala akhala akufufuza nickel pa phiri la Chimimbe m'boma la Mchinji, oyandikana nafe kumadzulo. Musasokoneze ndi nkhani ya ku Kasiya imene mumaimva pa wailesi. Kumeneko ndi rutile, mwala wa titanium, pamodzi ndi graphite. Ndipo kumbukirani kuti kupeza mwala wa chitsulo ndi chinthu china, kutsegula mgodi ndi chinanso. Pafunika kudziwa kuchuluka kwake, mtengo womupatula, ndi zimene zichitikire minda ndi madzi a anthu okhala pamalopo. Ntchito zonsezo zikufuna anthu odziwa sayansi, ndipo palibe chifukwa choti anthuwo asachokere m'makalasi mwanumo.

Chenjezo pang'ono

Nickel ali ndi mbali yake yovuta. Anthu ena khungu lawo siligwirizana naye. Ndolo zotchipa, batani la jinzi kapena chitsulo cha lamba zikamakuyabwitsani n'kutulutsa totupa pamalo pomwe zakhudza, mwina ndi nickel. Siyani kuvala, ndipo zikapitirira pitani kuchipatala. Utsi wotuluka powotcherera stainless steel kapena ndodo za nickel ndi woipa m'mapapo, choncho ntchitoyi ichitikire pamalo opita mphepo. Mabatire ena ochajidwa alinso ndi nickel, koma musawatsegule kapena kuwaponya pamoto pofuna kumuona.

Yeserani izi m'kope mwanu

1. Chidutswa cha chitsulo chili ndi volume ya 50 cm³ ndipo chikulemera magalamu 445. Pezani density yake. Ndi zitsulo ziwiri ziti za m'phunziro lino zimene zingakhale chimenechi, ndipo mungazisiyanitse bwanji popanda kuyang'ana mtundu?

2. Rodi ya mamilimita 10 yadyeka ndi dzimbiri kufika mamilimita 6. Ndi peresenti yanji ya nkhope yake yodula imene yatsala?

3. Fotokozani m'mawu anuanu kusiyana kwa strength, hardness ndi toughness. Perekani chitsanzo cha chinthu cha pakhomo chimene ndi chouma koma chosweka msanga.

4. N'chifukwa chiyani waya wa mu mbaula ya magetsi umafiira pamene waya wamkuwa wobweretsa magetsiwo sufiira, chonsecho magetsi odutsamo ndi omwewo?

5. Pitani pa mjigo wa kwanu m'mawa kwambiri ndi mabotolo awiri oyera. Tungani madzi oyamba m'botolo limodzi, ndipo pakatha mphindi 20 anthu akupopa, tungani lachiwiri. Asiyeni akhale mpaka madzulo, muyerekeze mtundu wake. Kenako funsani a komiti, mwaulemu, kuti marodi a mjigowo ndi a mtundu wanji ndipo adasinthidwa liti. Lembani zimene mwapeza, mukakambirane ndi aphunzitsi anu a Chemistry.